Fungo la chuku mu AC ya Hilux labwereranso ngakhale ndasintha filita

Makaniko wa ku Zomba:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu pa vuto lomwe landisowetsa mtendere sabata ino. Kasitomala wanga wakalekale ali ndi Toyota Hilux Vigo ya 2012, yomwe imayenda kwambiri m'misewu yafumbi ya ku Jali ndi ku Mayaka kukatenga zokolola. Chiyambireni mvula mu Disembala, akayatsa AC m'mawa mumatuluka fungo la chuku, longa la zovala zomwe zapindidwa zisanaume, ndipo limakhala lamphamvu pa mphindi zoyambirira kenako n'kumachepa pang'onopang'ono. Ndinatsegula kuseri kwa glove box n'kupeza filita itada bii ndi fumbi, ndinaika yatsopano ndiponso ndinapopera mankhwala onunkhira m'mabowo otulukira mpweya. Patangotha masiku anayi mwiniwake wabweranso akudandaula, ndipo tsopano akuumirira kuti ndiwonjezere gasi wa mu AC chifukwa wina wamuuza kuti gasi akakalamba amanunkha. Ine ndakana, poti AC ikuziziritsa bwino lomwe. Ndisanaganize zogwetsa dashibodi, ndiuzeni ngati pali pomwe ndadumpha.

Wokonza ma AC wa ku Limbe:
Achimwene, mwachita bwino kukana za gasi, ndipo musagonje pamenepo ngakhale kasitomala akhale wakale bwanji. Gasi wa mu AC, wotchedwa R134a, amazungulira m'mapaipi otsekedwa ndipo sakumana n'komwe ndi mpweya umene anthu amapuma m'galimoto, choncho kumuwonjezera sikuchotsa fungo, kumangokweza presha n'kuvutitsa kompuresa. Fungo lomwe mwalongosolali gwero lake ndi evaporator, chitsulo cha zipsepse chomwe chili kuseri kwa dashibodi, chimene chimaziziritsa mpweya wa AC. Chitsulo chimenechi chimazizira kwambiri, ndipo mpweya wachinyezi wa nyengo ino ukachikhudza umasiya madontho a madzi, monga momwe botolo lochokera mufiriji limachitira thukuta likaikidwa patebulo. Madziwo amayenera kugwera m'kabeseni ka pansi pa bokosi la evaporator n'kutuluka kunja kudzera m'kapaipi ka labala. Akapanda kutuluka onse, amasakanikirana ndi fumbi lomwe linamatirira pa zipsepse za evaporator, ndipo usiku wonse galimoto ili chiimire, mumdima ndi mofunda, chuku ndi tizilombo tina zimaswana. N'chifukwa chake fungo limakula m'mawa: mpweya woyamba umatenga zonse zomwe zadzikundika usiku.

Filita yatsopano imangoteteza fumbi lomwe likubwera, koma siichotsa lomwe linadutsa kale. Ndikupempha muone zinthu zitatu musanamasule china chilichonse. Yatsani AC kwa mphindi 15 galimoto ili pamalo osalala, muone ngati pansi pakudontha madzi okwanira kunyowetsa simenti. Kenako kwezani kapeti kumbali ya wokwera, mugwire ndi dzanja chinsalu chokhuthala cha pansi pake. Pomaliza mutiuze ngati madzi a m'rediyeta akutsika.

Mkulu wa galaja ku Mzuzu:
Ndikuvomereza zomwe anzanga a ku Limbe anena, koma ndiwonjezere kuti mphuno ya makaniko ndi chida, ndipo achinyamata ambiri saigwiritsa ntchito mokwanira. Fungo la chuku ndi lina, la heater core (karediyeta ka kuseri kwa dashibodi komwe kamafunditsa mpweya) yobooka ndi linanso. Heater core ikamadontha, fungo limakhala lotsekemera ngati la shuga wotenthedwa, galasi lakutsogolo limachita nthunzi yamafutamafuta yovuta kupukuta, ndipo madzi a m'rediyeta amatsika popanda pooneka pomwe akudonthera. Fungo lachitatu ndi la khoswe. Galimoto yonyamula chimanga ndi mtedza imaitana makoswe, ndipo amakonda kumanga chisa mu blower (fani yokankha mpweya wa AC) kapena pamwamba pa filita. Akafera momwemo fungo silichepa AC ikayenda, limangokulirakulira, ndipo kawirikawiri fani imamveka kugwedera. Popeza inu mukuti limachepa pakapita mphindi zingapo, mtima wanga uli pa madzi osatuluka, osati pa khoswe. Komabe funsani mwiniwake komwe galimoto imagona, chifukwa mpweya wakunja umalowera pansi pa mawaipa, ndipo masamba akaunjikana pamenepo amaola n'kutsetserekera mkati.

Makaniko wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri akuluakulu, ndachita zonse monga mwanenera. AC itayenda mphindi 15 pansi panangogwa madontho owerengeka, pomwe Hilux ina yomwe ili pano, nditaiyesa chimodzimodzi, inanyowetsa malo aakulu ngati mbale. Kapeti pamwamba ndi youma, ndipo n'chifukwa chake sindinaikayikire poyamba, koma chinsalu cha pansi pake n'chonyowa moti ukachifinya madzi akutuluka, ndipo madziwo alibe mtundu wa kulanti wa m'rediyeta. Madzi a m'rediyeta ali pamzere wake ndipo galasi silichita nthunzi. Mwiniwake wandiuza kuti galimoto imagona pansi pa mtengo wa mango, ndipo batani lozunguliritsa mpweya wamkati salizimitsa chaka chonse poopa fumbi.

Makaniko wa ku Nchalo:
Achimwene, ine ndinganene mosabisa kuti gwetsani dashibodi mutulutse evaporator. Kuno kuchigwa cha Shire AC imagwira ntchito tsiku lonse, ndipo fumbi la m'misewu ya m'minda ya nzimbe limapanga matope olimba pakati pa zipsepse. Ndatsukapo ndi thovu magalimoto angapo, fungo n'kubwerera pakatha mwezi, mpaka ndinaphunzira kuti kutsuka chinthu chomwe sukuchiona n'kungoyerekeza. Ukachitulutsa umachitsuka mbali zonse ziwiri, umatsukanso bokosi lake, ndipo kasitomala sabweranso ndi dandaulo lomwelo.

Wokonza ma AC wa ku Limbe:
Zimene mwanenazi, bambo a ku Nchalo, n'zoona pa galimoto yomwe mpweya wake wafooka chifukwa evaporator yatsekeka ndi matope, ndipo inenso zoterozo ndimazitulutsa. Koma pano mnzathu wanena kuti AC ikuziziritsa bwino, ndipo tapeza kale cholakwika chooneka: madzi sakutuluka mokwanira ndipo akusefukira pansi pa kapeti. Kugwetsa dashibodi kumafuna kuti gasi ayambe wakokedwa ndi makina, kenako kupanga vacuum (kukoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi), kusintha ma O-ring (timphira totsekera polumikizira mapaipi) ndi kuthiranso gasi woyezedwa pasikelo, ndipo pa galimoto ya zaka zoposa khumi mapulasitiki ake amakhala atauma ndi dzuwa moti timano take timathyoka mosavuta. Imeneyo ndi ntchito ya tsiku lathunthu ndiponso ndalama zambiri kwa munthu yemwe mwina vuto lake ndi kapaipi kotsekeka. Ndikuona kuti ndi chilungamo kwa kasitomala kuyamba ndi kapaipiko, n'kumuuziratu kuti fungo likabwerera tidzafika pa njira yanuyo.

Mayi wa zamagetsi a galimoto ku Lilongwe:
Ndikugwirizana ndi zoyamba ndi kapaipi, koma ndichenjezepo pa katsukidwe, chifukwa magalimoto omwe amafika kwa ine fani itafa nthawi zambiri amakhala kuti wina anathira madzi kapena thovu mosaona komwe likupita. Achimwene, yambani mwamasula blower pansi pa glove box, muiike pambali, ndipo musalole chonyowa chilichonse kufika pa resistor yake kapena pa mapulagi. Pochotsa zotsekereza m'kapaipi musalowetse waya wachitsulo, chifukwa mutha kubowola kapaipiko kapena kugwaza evaporator yeniyeniyo. Chingwe cha pulasitiki chofewa n'chokwanira. Ngati mugwiritsa ntchito mpweya wa kompuresa ya pagalaja, ukhale wochepa kwambiri, apo ayi mudzakankhira matope onse m'bokosi kapena kuvula kapaipi pamalo ake.

Za mankhwala, gulani thovu lopangidwira evaporator, lomwe limabwera ndi kapaipi kake kakatali, ndipo mutsatire nthawi yolembedwa pachitini. Jik kapena mankhwala ena aliwonse a klorini musawayandikitse n'komwe, chifukwa evaporator ndi ya aluminiyamu yopyapyala ndipo klorini amaidya. Fungo lidzatha lero, koma pakapita miyezi gasi adzayamba kuthawa, ndipo pamenepo dashibodi idzagwa ndithu. Chinanso, musaiwale chinsalu chonyowa chija. Ngakhale evaporator iyere bwanji, ngati batani la mpweya wamkati lili loyatsa, fani imakoka mpweya kuchokera kumapazi a wokwera, pamwamba penipeni pa kapeti yonunkhayo.

Makaniko wa ku Zomba:
Ndabwera kudzapereka lipoti, poti patha masabata awiri chigwirireni ntchitoyi. Nditalowa pansi pa galimoto ndinapeza kukamwa kwa kapaipi kutamatidwa ndi dothi lofiira louma, kutangotsala kampata kakang'ono komwe madontho aja ankadutsira. Nditangolichotsa panatuluka madzi akuda opitirira kapu imodzi, ndipo fungo lake linali lomwe lija la m'galimoto. Mu blower munalibe khoswe, koma munali tizidutswa ta masamba a mango, ndipo pansi pa mawaipa ndinachotsapo masamba oola odzaza manja awiri. Ndinathira thovu kawiri monga anandilangizira mayi a ku Lilongwe, blower ili kunja. Ulendo woyamba linatuluka lakuda, wachiwiri linatuluka pafupifupi loyera. Ndinamasula mpando wa wokwera, ndinatulutsa chinsalu cha pansi pa kapeti, n'kuchichapa ndi kuchiyanika masiku awiri, ndipo chitsulo cha pansi chinali chitangoyamba dzimbiri pang'ono, lomwe ndapala n'kupaka penti. Filita yomwe ndinaika poyamba inali itatenga kale fungo, choncho ndaikanso ina pa ndalama zanga, popeza kulakwa kunali kwanga koyamba ndi mankhwala onunkhira ndisanafufuze komwe madzi akupita.

Mwiniwake wabwera m'mawa uno galimoto itagona usiku wonse, tinayatsa AC tili limodzi ndipo panalibe fungo lililonse. Ndamulangiza kuti akatsala pang'ono kufika kunyumba azizimitsa batani la AC koma fani izipitiriza kuyenda kwa mphindi zingapo ndi mpweya wakunja, kuti evaporator igone itauma, ndiponso kuti batani la mpweya wamkati aziliyatsa akakhala pafumbi pokha.

Mkulu wa galaja ku Mzuzu:
Mwagwira ntchito yabwino, mwana wanga. Popeza galimotoyi ibwereranso m'matope omwewo a ku Jali, kapaipiko kadzatsekekanso, choncho lembani pa khadi lake kuti nthawi iliyonse ikabwera kudzasintha oilo muziona kukamwa kwa kapaipiko ndi kugwedeza filita. Muiitanenso kumapeto kwa Epulo mvula ikatha, mudzakweze kapeti muone ngati pansi pake pakadali pouma, ndipo ngati fungo lidzakhale litabwerera kapena mpweya utafooka, pamenepo mudzatsatire njira ya anzathu a ku Nchalo.