Mawu oti "relict" ndi "otherwise" m'mawilo akale a ku Ireland amatanthauza chiyani?

Nambewe: Akuluakulu amene mumadziwa zolembedwa zakale za ku Ireland, ndithandizeni. M'chidule cha wilo ina ya m'ma 1740 muli mzere wotere: "Honora Walsh otherwise Power, relict of Darby Walsh the elder." M'munsi mwake mwatchulidwanso "my nephew" ndi "my son-in-law". Kodi "relict" n'chiyani? Nanga "otherwise" akusonyeza kuti mayiyu ankadzibisa ndi dzina lina? Ndipo poti alemba "the elder", ndinganene kuti panali Darby winanso, mwana wake?

Chisale: Mayi Nambewe, loyambalo silivuta. "Relict" ndi mkazi wamasiye. Linachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza wosiyidwa, ndipo sichinali chipongwe, chinali chilankhulo cha kukhoti. Phindu lake kwa inu ndi lakuti pamene mzerewo unkalembedwa, Darby anali atamwalira kale. Mwapeza malire a imfa yake ngakhale mulibe kaundula wa maliro.

"Otherwise" sakunena za kubisala. Alembi ankalemba "otherwise", "alias", kapena mwachidule "als." ndi "orse.", pofuna kuika pamodzi dzina la kubanja ndi dzina la kwawo kwa mkazi. Choncho Honora anabadwa Power, n'kukwatiwa kwa Walsh.

Nankhoma: Achimwene a Chisale, za "relict" ndavomera, koma pa "otherwise" mwafulumira kugamula. Nthawi zambiri zimakhaladi momwe mwaneneramo, koma si lamulo. Power akhoza kukhala dzina la mwamuna woyamba ngati Honora anakwatiwa kawiri, ndipo mumapeza akazi ena ali ndi mayina atatu olumikizidwa ndi "otherwise" awiri. Komanso alembi ena ankatembenuza, kuyamba ndi dzina la kwawo. Pamzere uwu tathandizidwa poti Darby ndi Walsh, ndiye tikudziwa kuti Walsh ndi la kubanja. Chimene sitikudziwa ndi chakuti Power ndi bambo ake kapena ndi malemu ena.

Kuyesa kwake n'kotere. Yambani ndi wilo yomweyo: ngati watchula "my brother" wa dzina la Power, mwayandikira, ngakhale m'bale ameneyo angakhalenso mlamu. Kenako fufuzani ku Registry of Deeds ku Dublin, ofesi yolembetsa zikalata za malo imene inayamba mu 1708. Mabanja okhala ndi malo ankalembetsa kumeneko mapangano a chuma ukwati usanachitike, ndipo pangano lotero limatchula mkwatibwi, bambo ake, ndi kunena ngati ndi "spinster" (wosakwatiwapo) kapena "widow" (wamasiye). Liwu limodzi limenelo limathetsa mkangano. Chenjerani kuti mndandanda wa mayina kumeneko umatsata wopereka malo, osati wolandira, ndiye mukasaka Honora yekha mubwerako chimanjamanja. Sakani Walsh ndi Power ngati opereka, ndiponso sakani dzina la malowo m'mndandanda wa malo. Pomaliza onani mindandanda ya zilolezo za ukwati ya dayosizi ya dera lawo, yomwe imapereka mayina a awiriwo ndi chaka.

Kwa mwamuna "alias" ndi nkhani ina. Angakhale anasintha dzina kuti alandire chuma cha akuchikazi, angakhale mwana wobadwa kunja kwa ukwati wodziwika ndi mayina awiri, kapena ndi dzina limodzi m'zinenero ziwiri, monga Smith ndi McGowan, poti "gabha" m'chinenero cha ku Ireland ndi wosula zitsulo.

Gama: Ine nditenge za "the elder". Musalembe msanga kuti ndi bambo ndi mwana. "The elder" ndi "the younger", kapena "senior" ndi "junior", ankangosiyanitsa anthu awiri a dzina limodzi a m'dera limodzi. Angakhale amalume ndi mwana wa m'bale wawo, angakhale asuweni. Choipa china n'chakuti dzinalo limasuntha: wamkulu akamwalira, amene anali "the younger" amasanduka "the elder" m'chikalata chotsatira ngati pabadwa winanso. Anthu ambiri amaphatikiza mibadwo iwiri kukhala munthu mmodzi chifukwa cha ichi, n'kupeza munthu wobereka ana kwa zaka 60.

Mukabwerera m'ma 1500 ndi m'ma 1600 mupeza njira zina zosiyanitsira. M'mabanja a amalonda a ku Galway, Limerick, Cork ndi Waterford ankaika "fitz" pambuyo pa dzina lonse: "Lynch fitz John" ndi Lynch mwana wa John Lynch, osati wa banja la Fitzjohn. Kwa olankhula chinenero cha ku Ireland, "mac" nthawi zina anali kungonena mwana wa uje, osati dzina la fuko, moti "Donogh mac Teige" akhoza kukhala wa mtundu wa O'Brien kapena wina uliwonse. Pali mayina owonjezera amene alembi achingelezi ankalemba momwe ankamvera: "oge" ndi wamng'ono, "more" wamkulu, "beg" wochepa, "roe" wa tsitsi lofiira, "duff" wakuda, "bane" woyera, ndipo "boy" ndi wachikasu, si mnyamata ayi. Kwa akazi muona "ny" kapena "nyn", kutanthauza mwana wamkazi wa uje. Zili ngati Na- wa kwathu: Nabanda amakhalabe Nabanda ngakhale akwatiwe kwa a Phiri, ndipo akazi a ku Ireland nawonso ankaitanidwabe ndi dzina la kwawo m'mudzi. N'chifukwa chake mlembi ankafunika "otherwise" kuti khoti lisasokonezeke.

Darby wanuyo musamusake ndi dzina limenelo lokha. Ndi Diarmaid, ndipo m'mabuku ena ndi Dermot, kwa wansembe wolemba Chilatini ndi Jeremias kapena Demetrius, kwa adzukulu ndi Jeremiah. Honora ndi Nora, Norah, Honor, nthawi zina Hannah. Chimodzimodzi Teige ndi Thady, Thaddeus ndi Timothy. Owen ndi Eugene. Conor ndi Cornelius. Bridget ndi Delia.

Nambewe: Zikomo nonse. Ndiye si bwino kungoona wilo yeniyeniyo m'malo modalira chidule? Ndipo za "nephew" ndi "son-in-law" palibe wayankha.

Chisale: Yeniyeniyo mwina kulibenso. Public Record Office, nyumba yosungira zikalata za boma ya ku Four Courts ku Dublin, inapsa pa 30 June 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, ndipo pafupifupi mawilo onse akale amene anasungidwa mmenemo anathera pomwepo. Chaka cha 1858 chisanafike, mawilo ankatsimikizidwa ndi makhoti a mpingo wa Church of Ireland, ngakhale a Akatolika. Wa chuma cha m'dayosizi imodzi ankapita ku khoti la dayosiziyo. Amene anali ndi katundu woposa mapaundi 5 m'dayosizi yachiwiri ankapita ku Prerogative Court ya bishopu wamkulu wa Armagh. Zotsala ndi mindandanda, monga wa Sir Arthur Vicars wa mawilo a Prerogative kuyambira 1536 mpaka 1810, ndi zidule zimene anthu anakopera moto usanachitike, zazikulu kwambiri ndi za Sir William Betham zofika mpaka chaka cha 1800.

Apa pali msampha. Betham ankafuna mibadwo, choncho ankatola mayina ndi ubale n'kusiya zambiri za malo ndi ndalama. Mawu a m'chidule angakhale a wokopera, osati a mwini wilo. Yang'anani ngati wilo yomweyo inalembetsedwanso ku Registry of Deeds, kapena ngati kope lake lili m'mapepala a maloya ndi a mabanja ku National Archives of Ireland, National Library of Ireland kapena PRONI (Public Record Office of Northern Ireland) ku Belfast. Zidule ziwiri za anthu osiyana zikagwirizana, mukhoza kuzikhulupirira.

Nankhoma: Za ubale. "Son-in-law" wa nthawi imeneyo angakhale mkamwini, angakhalenso mwana womupeza. Onani dzina: ngati ndi Walsh ndipo Honora akumutcha "son-in-law", ganizirani mwana wa Darby wa kwa mkazi woyamba. "Nephew" pofika m'ma 1740 nthawi zambiri ndi mwana wa m'bale, koma m'mawilo a m'ma 1600 angakhale mdzukulu, potsata "nepos" wa Chilatini amene amanena zonse ziwiri. "Cousin" ndi wachibale aliyense, wapafupi kapena wakutali. "Brother" ndi "sister" amaphatikiza alamu. "Natural son" m'zikalata zakale kwambiri ndi mwana wa m'magazi, osati wapathengo. Tanthauzo lachiwirilo linakula pambuyo pake. "My now wife" sakutsimikiza kuti panali mkazi woyamba, loya ankangotseka khomo kuti mkazi wam'tsogolo asadzalandire gawolo. Ndipo "Mrs" anali ulemu wa mayi wa udindo, wokwatiwa kapena ayi.

Phiri: Pali mwambo wotchula mayina umene ofufuza amaukonda mopitirira: mwana wamwamuna woyamba kutenga dzina la agogo a kuchimuna, wachiwiri la agogo a kuchikazi, wachitatu la bambo ake, wamkazi woyamba la mayi a mayi ake, wachiwiri la mayi a bambo ake. Unalipodi, koma ugwiritseni ntchito posankha kumene mukasake, osati ngati umboni. Wilo siyenera kukhala muyeso wake, pa zifukwa zitatu. Ana amene analandira kale gawo lawo pokwatira kapena pokwatiwa nthawi zina satchulidwa. Ana aamuna amalembedwa poyamba, aakazi pambuyo, ndiye ndondomekoyo si ya kubadwa. Ndipo mwana akamwalira ali wamng'ono dzina lake linkapatsidwa kwa wobadwa pambuyo pake, moti dzina la agogo likhoza kupezeka pa mwana wachisanu.

Mayi Nambewe, onaninso deti. Ireland anasintha kalendala mu 1752, ndipo zisanatero chaka chinkayamba pa 25 March. Wilo yolembedwa mu February 1741 ndi ya February 1742 m'kawerengedwe kathu, ndiye lembani 1741/2. Lembaninso madeti awiri padera, lolembera wilo ndi lotsimikizira kukhoti, chifukwa mindandanda imapereka chaka chotsimikizira, ndipo pakati pa awiriwa pakhoza kudutsa zaka zingapo.