Zigoba za zisudzo m'phunziro la Expressive Arts: tipange bwanji?

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Mchinji

Aphunzitsi anzanga, ndikufuna kukonza zigoba zakumaso zoti ophunzira avale pochita sewero la Kalulu ndi Fisi, koma sukulu yathu ilibe ndalama zogulira penti kapena guluu. Kodi inu mumagwiritsa ntchito zipangizo ziti? Funso langa lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba: popeza ana ambiri kuno amachokera m'midzi momwe muli dambwe, ndingatani kuti makolo asaone ngati tikuseweretsa Gule Wamkulu?

Mayi wa ku Santhe, Kasungu

Aphunzitsi, nkhani ya zipangizo isakudetseni nkhawa, chifukwa zimene tinaphunzira za TALULAR (kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu) zimakwanira. Umbani nkhope ndi dothi, muiphimbe ndi pulasitiki, kenako mumatepo timapepala ta nyuzipepala tonyika m'phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, mosanjikiza kanayi kapena kasanu. Chigobacho chikauma chimachoka chokha pa dothipo, ndipo chimakhala chopepuka. Makala opera amapereka mtundu wakuda, laimu woyera, katondo wofiira, pamene khonje ndi makoko a chimanga zimakhala ubweya ndi makutu. Ntchitoyi muichite m'chilimwe, chifukwa m'dzinja phala limachita nkhungu lisanaume. Mukamaliza muzipachike kudenga, popeza chiswe ndi makoswe zimakonda ufa.

Bambo wa m'komiti ya sukulu, Mkanda

Ine ndiyankhapo pa funso lachiwiri ngati munthu amene anakulira m'mwambo. Kwa ife chimene chimatuluka ku dambwe si munthu wovala chigoba ayi, ndi chilombo, ndipo kapangidwe kake sikakambidwa pamaso pa anthu osameta. Choncho mwana akaumba nkhope yofanana ndi Chadzunda, Simoni kapena Maliya n'kumavina nayo pabwalo la sukulu anzake akumutchula dzina, akuluakulu adzati mwaulula mwambo, ndipo mlandu wake udzakafika kwa mfumu. Kalulu, Fisi, Kamba ndi Njovu za m'nthano zilibe vuto, makamaka chigoba chikangophimba maso ndi mphuno, kukamwa kukuoneka. Nthenga zambiri kumutu, nsanza zophimba thupi lonse ndiponso kudzola matope muzipewe. Musanayambe, kaonaneni ndi anyakwawa pamodzi ndi komiti, muwaonetse chitsanzo chimodzi, ndipo mudzaona kuti sadzakana.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu Boma

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Mkanda, komabe tisafike poopa ngakhale kutchula Gule m'kalasi. Bungwe la UNESCO linauzindikira m'chaka cha 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo ku Mua m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976, zigoba mazanamazana zili m'nyumba yosungiramo zinthu zachikhalidwe ya Chamare. Ana aphunzire tanthauzo la magulewo ndi mwambo wa Achewa wa Kulamba wa ku Mkaika m'dziko la Zambia, koma kupanga n'kwa eni ake. Kumbukiraninso kuti makolo ena a m'mipingo amakana chigoba chilichonse, kotero ana awo muwapatse ntchito yolemba sewero kapena yoimba, osawakakamiza kuvala.

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Mchinji

Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi kukaonana ndi anyakwawa Loweruka likubwerali. Mayi a ku Santhe, ufa wa chinangwa ukasowa, kodi ufa woyera wa chimanga ungamate mapepala chimodzimodzi?