Za ululu wa amayi anga: pomwe tafika

Ndinafunsa kale kuti ndingadziwe bwanji ngati amayi anga akumva ululu, poti matenda a muubongo oiwalitsa zinthu (dementia) awafikitsa poti sathanso kulankhula. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Namwino wosamalira odwala kayakaya anatiphunzitsa kuyang'ana zinthu zisanu za pa muyeso wa ululu wotchedwa PAINAD: kapumidwe, kubuula, nkhope, kuuma kwa thupi, komanso ngati akutonthozeka tikawagwira dzanja n'kuwalankhula. Chilichonse chimapatsidwa 0, 1 kapena 2, ndipo nambala ikakwera ndiye kuti ululu ndi wochuluka. Tinaona kuti amakwinya nkhope n'kufumbata manja makamaka tikamawatembenuza. Zomwe achibale ena ankati ndi ukali, unali ululu ndithu, ndipo zimandiwawa ndikaganiza.

Adokotala anayamba ndi paracetamol wa nthawi zoikika, osadikira kuti ayambe abuula. Kenako anawonjezera morphine wamadzi (mankhwala amphamvu ochepetsa ululu) pang'onopang'ono, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi chifukwa morphine amadzimbitsa. Ndinkaopa kuti morphineyo awafupikitsira moyo, koma adokotala anandifotokozera kuti pa mlingo woyenera sizitero.

Tsopano timadikira kuti mankhwala ayambe kugwira tisanawasambitse. Kumeza kukuvuta, ndiye timawanyowetsa milomo ndi kansalu. Akadzalephereratu kumeza, adokotala akuti mankhwalawo azidzaperekedwa kudzera pansi pa khungu.