Za madzi a mu pool aja ankangobiriwira

Abale anga, mwezi watha ndinafunsa chifukwa chomwe madzi a mu pool ya abwana anga kuno ku Johannesburg ankabiriwira ndi ndere ngakhale ndinkathira klorini sabata ndi sabata. Ena munati ndiyeze pH (muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena wochepa), ena munati nditsuke fyuluta ya mchenga. Zikomo kwambiri, zonsezo zinathandiza, koma gwero la vutoli linali kwina.

pH inalidi pamwamba, pa 8.0, ndipo ikafika pamenepo klorini amafooka. Ndinaitsitsa ndi asidi kufika pakati pa 7.2 ndi 7.6. Madzi anayera pang'ono, kenako ndere n'kubwereranso.

Nditatengera madzi m'botolo ku shopu ya mankhwala a pool, anapeza kuti stabiliser, amene ndi cyanuric acid, wapitirira 100 ppm (magawo 100 pa magawo miliyoni imodzi a madzi), pomwe amafunika 30 mpaka 50 basi. Ntchito yake ndi kuteteza klorini ku dzuwa, koma akachuluka amamanga klorini uja, ndere n'kumaphuka mwaufulu. Amachokera m'matabuleti a klorini oyandama aja amene ndinkaika, ndipo madzi akamauma ndi dzuwa iye amatsala, n'kumangounjikana. Njira yodalirika ndi kutaya ena mwa madziwo n'kudzaza atsopano. Tinataya pafupifupi theka, ndipo tsopano ndikuthira klorini wa ufa, calcium hypochlorite, amene alibe stabiliser. Madzi ali mbee, klorini akukhazikika pa 2 ppm.

Chonde anzanga ogwira ntchito imeneyi, musasakanize ufawu ndi asidi kapena matabuleti aja. Zimatulutsa mpweya wapoizoni ndipo zimatha kuyaka moto.