Kodi radiation ingateteze chimanga ku anankafumbwe?

NaPhiri_Dowa:
Abale ndamva kuti maiko ena akumawomba chakudya ndi radiation kuti chisafumbwe, nzoona? Nanga ukadya sudwala khansa? Mankhwala othira m'matumbawa ine anditopetsa.

Kabudula77:
Nzoona mayi. Amagwiritsa ntchito chitsulo chotchedwa cobalt-60, chimatulutsa ma gamma ray (cheza champhamvu chosaoneka ndi maso) amene amadutsa thumba lonse nkupha tizilombo ndi mazira omwe, koma chakudyacho sichitenga radiation ayi, zili ngati X-ray kuchipatala, mukajambulidwa simupita nayo kunyumba. Akatswiri a mabungwe apadziko lonse a zaumoyo (WHO), zachakudya (FAO) ndi zanyukiliya (IAEA) ananena mu 1980 kuti mpaka 10 kGy (kGy ndi muyeso wa radiation yomwe yawombedwa pachakudya) palibe chiopsezo.

Mlimi_wa_Ngombe:
Ine chimandisangalatsa ncha ku Zanzibar, anaweta akashembe ambirimbiri ku Tanga ku Tanzania, amphongo nkuwawomba radiation kuti asabereke kenako nkumawamwaza pandege pachilumba cha Unguja, pofika 1997 kashembe anatheratu ng'ombe zinapuma, popanda kupopera tchire lonse poizoni.

AchimweneJoe:
Koma mayi musayembekeze kamakina kapakhomo, chimakhala chinyumba cha makoma a konkire ochindikala. Komanso thumba likabooka anankafumbwe ena alowanso basi, ndipo poizoni wa chuku sachoka. Panopa yanikani chiume bwinobwino muike m'matumba a PICS aja osalowa mpweya.