Mlamu wanga anawina ndi flush, koma kodi anasewera bwino?

Akuluakulu a m'gulu lino, odziwa poker, juga ya makadi ija, ndithandizeni maganizo. Kuno ku Senga Bay timasewera mtundu wa poker wotchedwa Texas Hold'em Loweruka madzulo, ndalama zake zochepa, koma pabuka mkangano womwe wakana kutha.

Mlamu wanga anali ndi makadi awiri a mitima m'manja. Patebulo panali makadi anayi, awiri mwa iwo a mitimanso, kutsala khadi lachisanu lokha, lomaliza, lomwe amati river. Ndalama zoponyedwa kale pakati zinali K8,000. Mnzathu wa kabaza anaponya K8,000 yake yomaliza, mlamu n'kutsatira poponya K8,000 yakenso. Khadi lomaliza linabwera la mtima, flush (makadi asanu a mtundu umodzi) n'kukwana, iye n'kukokolola zonse. Chiyambire tsikulo amatsatira paliponse pamene akudikira khadi limodzi, akuti wolimba mtima ndiye amadya. Ine ndikuona kuti unali mwayi chabe, koma ndikalankhula amati ndi nsanje. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wayamba kutapa mpamba wa bizinesi ya usipa yomwe amachita ndi mlongo wanga. Ndimuuze bwanji kuti amve?

Wa ku Kamuzu Road: Achimwene, muwerengere limodzi, musakangane naye. Makadi onse ndi 52. Iye anaona 6, osaoneka ndi 46. A mitima alipo 13, anayi anali ataoneka kale, otsala 9. Ndiye 9 mwa 46, kutanthauza kuti flush imabwera pafupifupi kamodzi pa kasanu. Tsono onani mtengo wake: analipira K8,000 kuti atenge K16,000. Kuti asaluze, amafunika kuwina kamodzi pa katatu. Dzanja lomwelo aliseweretse kasanu: kanayi ataya K32,000, kamodzi apeza K16,000. Komanso mnzakeyo anali ataponya zonse, panalibe ndalama ina yoti amudyere flush itabwera. Kutsatira kuja kunali kulakwitsa, kungoti khadi linamukomera.

Wa ku Chipoka: Zoona, koma musamuuze kuti kudikira flush n'koipa nthawi zonse, akutsutsani. Mnzakeyo akanaponya K2,000 yokha, mlamu akanalipira 2,000 kuti atenge 10,000, pamenepo kutsatira kukanakhala bwino. Chimasintha ndi mtengo. Njira yachidule: makadi okuthandizani muwachulukitse kawiri ngati latsala khadi limodzi, kanayi ngati atsala awiri. 9 kawiri ndi 18, ndiye mwayi wanu ndi pafupifupi 18 pa 100.

Mayi wa ku Nkhotakota: Masamu mwamva, koma ine ndaima pa mpamba wa usipawo. Mlongo wanuyo akudziwa? Juga ikafika pa ndalama ya bizinesi, munthu akaluza safuna kudzuka, amati ndibweze kaye, ndipo m'pamene amaponya mosaganiza. Yambani mwamuuza mlongo wanu, mlamuyo mukhale naye pansi awiri, osati pamaso pa anzake.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mlongo wanga sakudziwa, ndipo amayi mwandikhudza, ndilankhula naye mawa. Loweruka ndipempha kuti aliyense azitchula ndalama yomwe wabwera nayo tisanagawe makadi, ikatha osawonjezera, ngakhale ya pa Airtel Money. Akulu a ku Chipoka, funso lina: kuchulukitsa kanayi kuja kumagwirabe ntchito ngati ndikudziwa kuti mnzangayo aponyanso ndalama pa turn, khadi lachinayi la patebulo likatuluka?