Smoker yanga ya ma pellet ikusinthasintha kutentha

Funso: Abale, thandizeni. Ndili ndi smoker (chowotchera nyama ndi utsi) yoyakira ma pellet, timibulu ta utuchi wopanikizidwa. Ndikaitchera pa 110°C ikumakwera mpaka 150, kenako n'kutsikiratu moto n'kuzima. Nyama ikuuma kunja mkati isanapse. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Yambani ndi ma pellet. Thyolani imodzi: youma imathyoka bwinobwino, yonyowa imanyenyeka ngati utuchi. Akayamwa chinyezi amafufuma n'kutseka auger, chitsulo chozungulira chomwe chimakankhira ma pellet kumoto.

Yankho: Achimwene, phulusa munachotsa liti m'kamphika ka moto? Likadzaza, mpweya wa fani sufika, ma pellet amaunjikana osayaka, kenako amayakira pamodzi. Ndiko kukwera mukuonako. Pukutaninso sensa yoyeza kutentha, mwaye umainamiza.

Yankho: Chivundikirocho musamatsegule pafupipafupi. Ndipo chonde, ikazima musaiyatsenso musanachotse ma pellet ounjikanawo, moto ungabuke.